Dengu Limene Silinkatha

A Sulaiman a ku Chipoka anali ndi mwana mmodzi yekha, Karima, ndipo yunivesite inawalanda. Tchuthi chonse mtsikanayo anali pakhomo, inde, koma thupi lokha. Ankakhala pakhonde ndi kope lake, kulemba malangizo a kompyuta, kufufuta, kulembanso. Ukamuitana ankangoti "ndikubwera," maso ali papepala. Bambo ake ankamusowa kwambiri kuposa pamene anali ku Lilongwe. Ankangolakalaka m'mawa umodzi wokha ali naye pathandala loyanikira nsomba, kusankha utaka limodzi monga kale.

Tsiku lobwerera kusukulu, chikwama chitamangidwa kale, Karima anatulukira kunyanja, kope lili m'manja.

"Ababa, atipatsa ntchito yolemba pulogalamu yosanja zinthu, kuyambira zazing'ono mpaka zazikulu. Kompyutatu ilibe nzeru, umayenera kuiuza sitepe iliyonse. Tandionetseni mmene mumasankhira nsomba, koma pang'onopang'ono."

Mkuluyo anakondwa ngati mnyamata. Anakoka dengu la utaka, natola nsomba imodzi n'kuiika pakati pa thandala.

"Iyi ndiye muyezo. Yoposa iyi, kumanja. Yochepera, kumanzere."

"Nanga zikafanana?"

Ha! Zaka makumi atatu akusankha nsomba, palibe anawafunsapo zimenezo. Manja ndiwo ankadziwa, mutu ayi. Anakanda ndevu.

"Zikafanana... ziikeni pakati pomwepo, mayi."

Karima anaseka, nalemba. Kuseka kumeneko bambo ake anali asanakumve tchuthi chonse.

"Ndiye mumasiya liti, Ababa? Pulogalamu imafuna polekezera, apo ayi imangozungulira mpaka kalekale."

"Dengu likatha."

Atangonena, anasuzumira m'dengumo. Linali litafika kale pakati. Likatha, mwana atseka kope, anyamula chikwama, ndipo adzamuonanso mvula itagwa.

Ndiye mkulu wosaphonya swala kumzikiti, wodziwika gombe lonse kuti sanama pa muyezo, anayamba kuba. Karima akawerama kulemba, iwo ankatola nsomba ziwiri zitatu pamulu wa kumanzere n'kuzibwezera m'dengu mwakachetechete. Dzuwa linakwera, ntchentche zinachuluka, dengu osatsika.

"Ababa," anatero Karima osadzutsa mutu, "iyi yoduka mchirayi mwaiyeza kachitatu tsopano."

A Sulaiman anaima, nsombayo ili m'manja. Manyazi anawagwira mpaka kusowa poyang'ana. Anafuna kunamizira maso, kunamizira ukalamba.

Kumsewu minibasi inaliza hutala, kondakitala akukuwa za Salima.

Karima anawayang'ana bambo akewo. Kenako anaika cholembera m'kope, nalitseka, napinda manja a bulauzi. Anatapa mulu wonse wa kumanja ndi manja awiri n'kuukhuthulira m'dengu.

"Sindinamvetse bwino, Ababa. Tiyambirenso."