Mizere ya ku Bowe

Mu ofesi ya kalabu ya alimi pa Madisi, ndi Elizabeti yekha amene sankatuluka thukuta m'mawa umenewo. Lole ya mbewu ya mtedza inali panja, dalaivala akuliza hutala, poti ankafuna kukwera ku Bowe mvula isanawononge msewu. Ndiye mlangizi, a Dominiko, atulukira ndi nkhani yoti chaka chino alimi akumapiriko aunga mizere yothithikana, masentimita 75 m'malo mwa 90.

Zinavuta apa. Anthu a ku Bowe sadziwa za maekala, amangoti ndili ndi mizere yakutiyakuti. Pulogalamu ya pakompyuta ndi imene inkasandutsa mizereyo kukhala maekala, mbewu n'kugawidwa pa ekala. Ikanawerengabe ndi 90, minda ikanaoneka yaikulu, oyambirira akanalandira mopyola, ndipo mbewu ikanatha lole isanafike mudzi womaliza pamwamba pa phiri.

Vinsenti, mnzake wa Elizabeti pa ntchito amene analemba pulogalamuyo poyamba, anagwira mutu. Anati masamu amenewo ali m'malo asanu ndi awiri m'kalasi ya Munda, chigawo cha pulogalamu choona za minda: pambewu, pamatumba, pamauthenga a pafoni, ponseponse, ndipo kuwasaka onse n'kufika madzulo. Munthu wake yemweyu, pajatu mwezi watha ankaseka Elizabeti kuti wataya sabata yathunthu akukonza chinthu chosawonongeka.

Koma sabata imene ija Elizabeti anazula masamu obwerezabwereza onse aja n'kuwaika m'methodi imodzi, kachigawo ka pulogalamu kogwira ntchito imodzi yokha. Mamethodi ena onse a m'kalasimo akafuna maekala, ankangoitana imeneyo.

"Tasunthani, achimwene," anatero Elizabeti.

Anafufuta 90, n'kulemba 75. Basi. Methodi ya mbewu inaitana ya maekala ija, ya matumba inaitana, ya mauthenga nayo chimodzimodzi, ndipo pulinta inayamba kulira. Vinsenti anayesa minda itatu pa kalikyuleta, ati apeze pogwira, koma zonse zinafanana. Manyazi anamugwira, n'kungoyamba kusanja mapepala.

A Dominiko anatsetsereka ndi chala mpaka dzina lomaliza, lakumudzi wapamwamba uja. Anawerenga mokweza kuti Susana, makilo asanu ndi atatu, ndipo mbewu yakwanira ndendende.

"Mukawapatse m'manja, bambo," anatero Elizabeti akutseka laputopu. "Chaka chatha lole inawapeza ilibe kanthu. Amenewo ndi mayi anga."