Nsambo Yaikulu ya Amalume a Wedisoni

Ndinalota masana, dzuwa likuswa mtengo, nditangobwera kuchigayo, ufa udakali m'tsitsi. Ndinatsamira thumba pakhonde pa azakhali, ndipo pomwepo amalume a Wedisoni anadutsa pabwalo atavala suti yomwe tinawaika nayo m'manda mwezi wathawu. Nsapato analibe. Mapazi awo anali mbuu ndi fumbi la misewu yambiri.

"Mwaswera bwanji, amalume?" ndinawafunsa.

"Sindinaswere, Emelida. Ndikungoyenda. Tenga gitala unditsate."

Kwa inu amene simukuwadziwa, amalumewa ndiwo anali katswiri wa gitala kuno kwathu konse. Gitalayo anasema okha, ndipo nsambo yake yaikulu inali waya wa buleki ya njinga. Lamulungu ankaikunga kuti gwa n'kumatsogolera kwaya, moti ngakhale azimayi ogona pa ulaliki aja ankadzidzimuka. Loweruka ankaikhwefula, n'kuvala khosi la botolo kuchala, gitala n'kumalira ngati munthu: nyimbo za mvula yokana kugwa, za akazi othawa, za kuesiteti ya fodya kumene anasiya mano awiri. Za Lowerukazo ankaimbira kwa Nachisale, kophika masese kuja.

Ankadziwa ndani? Ine. Ndinasuzumira pa kabowo ka pampanda tsiku lina. Ndiye mukundidziwa ine, nkhani siifika madzulo ili m'kamwa mwanga. Ndinauza Felesiya pamjigo, Felesiya anauza mayi ake, mayi akewo ndi akazi a mkulu wa mpingo. Sabata isanathe amalume anadulidwa. Atamwalira, a mpingo anabwera, anakhala, anadya, koma nyimbo ayi. Wodulidwa saimbiridwa. Tinawaperekeza kumanda kuli zii, kumangomveka mapazi ndi anthu otsokomola. Azakhali, akazi awo, anamanga gitala m'thumba la feteleza n'kuipachika kudenga, osaitchulanso.

Ndinatsegula chitseko cha nyumba kuti ndikaitenge, koma m'katimo munali mtsinje. Madzi ankadutsa pakati pa bedi ndi kabati, ndipo makapu a azakhali ankasambira m'mbali. Gitala inabwera yokha ikuyandama n'kundigunda pabondo.

"Mwafika, a mtolankhani?" inatero gitalayo. "Ndinyamuleni bwino. Ndatopa ndi fungo la feteleza."

Ndinaibereka kumsana ndi chitenje ngati mwana. Amalume anali atafika kale kumsewu. Sankaima, sankacheuka. Akafuna kupuma mapazi ankakana, ankangopondaponda pamalo amodzi ngati pansi pali moto.

Tinadzera pamjigo. Panalibe munthu, koma mjigo unkadzipopa wokha, ndipo m'malo mwa madzi munkatuluka mawu anga enieni, ndi kuseka kwanga komwe. "Iwe Felesiya, usauze munthu! A kwaya aja ndawaona kumowa!" Zidebe zinadzaza mawuwo mpaka kusefukira, nkhuku n'kumatola otayika pansi. Ndinafuna kubisa nkhope, koma manja anali atagwira chitenje.

"Tiye," anatero amalume. "Nthawi ilibe chisoni."

Kenako tinapezeka kuseri kwa mpanda wa kwa Nachisale, pa kabowo komwe kaja. Mpandawo unadzitsegula ngati nsalu, ndipo ndinaonanso Loweruka lija lonse, osati theka lomwe ndinapita nalo kumjigo. Amalume ena, a tsiku lijalo, anali atakhala pamtondo wogwetsa, kapu ya thobwa ili pambali pawo, masese osawakhudza. Atatha nyimbo za fodya zija anaimba ina, ya Mulungu, pa nsambo yokhwefuka yomweyo. Azibambo onse anavula zipewa. A Jekapu, chidakwa chotchuka chija, ankalira mamina ali chuchuchu. Zimenezi ndinaziona ndi maso angawa tsiku lomwelo. Koma kodi pamjigo munthu angakuunjikire chifukwa cha nkhani ya thobwa? Ndinaisiya. Sinali yokoma.

Amalume oyendawa anayang'ana amalume okhalawo n'kunena kuti, "Ameneyo anali ndi pokhala." Ndipo tinapitirira.

Pakati pa munda wa nandolo panaima chitseko chokhachokha, chopanda khoma, chopanda denga. Chinali chobiriwira ngati cha kutchalitchi kwathu, mpaka ndi mng'alu womwe uja timasuzumirapo maukwati. Amalume anagogoda mwaulemu, mapazi akupondapondabe.

"Bambo Wedisoni Kamtengeni, mwabweranso," chinatero chitseko. "Ndakuuzani kale. Kuno munthu salowa ali chete, amalowa nyimbo ikumukankha kumsana. Yanu ili kuti?"

"Ndabwera ndi mwana wa mlongo wanga."

"Chabwino. Koma mthunzi wanga ukafika pa mzere wachitatu wa nandolo uwo, ndinyamuka ndikaime kwina. Mudzandifunafuna chaka chathunthu."

Mthunziwo unali kale pa mzere wachiwiri. Ndinamasula gitala msangamsanga n'kuwapatsa amalume, koma zala zawo zinangodutsa pa nsambo ngati utsi. Ndiye ndinaganiza mwanzeru zanga zija: pano ndi pakhomo la Mulungu, pafunika nsambo ya Lamulungu. Ndinagwira kachikhomo n'kuyamba kukunga. Waya unalira, unandicheka chala, magazi n'kudontha pa masamba a nandolo.

"Mayi, mundidula," inatero gitala. "Ndikaduka, m'mudzi muno mulibenso njinga yopereka buleki."

"Wakuuza ndani kuti ukunge?" anafunsa amalume.

"Si ya kumowa iyi, amalume? Akana."

"Ibweze mmene inaliri. Ine ndinafa Loweruka."

Ndinaikhwefulanso. Khosi la botolo linatuluka m'thumba la suti yawo, n'kukwera lokha pa nsambo, n'kuyamba kuyenda uku ndi uku. Gitala inalira kulira kuja. Nandolo yense anawerama.

"Gitala ndaimva," chinatero chitseko. "Tsopano liwu la munthu wamoyo."

Ndinatsegula pakamwa. Abale inu, zomwe zinatuluka! Za mimba ya mchemwali wake wa Felesiya, za aphunzitsi amene amadaya imvi ndi polishi wa nsapato, za Nachisale wothira madzi m'masese. Nkhani iliyonse inkatuluka ngati chiwala n'kuuluka. Ndinatseka, ndinatsegulanso, ziwala zokhazokha. Mthunzi unakhudza mzere wachitatu ndi nsonga yake. Chitseko chinayamba kugwedezeka, kudzizula m'dothi.

"Dikirani!" ndinakuwa. "Ilipo ina yomwe sindinanene. Sankamwa! Inali thobwa! Ndipo a Jekapu analira, ndinaona ndine, koma ndinabisa dala kuti nkhani ikome!"

Chiwala chomaliza chinatuluka, chachikulu, chinandikala pakhosi. Kumbuyo kwake kunali nyimbo ija, yonse, ngakhale ndinaimva kamodzi kokha pa kabowo. Ine amene kukwaya anandibweza kuti ndimalira ngati mbuzi yomangidwa, ndinaimba:

"Mapazi atupa, Ambuye, fumbi landikwana,
ndisungireni kampando ngakhale ka pakhomo."

Chitseko chinatseguka pang'ono, pongokwana phazi limodzi. Amalume analowetsa lamanja, ndipo phazi limenelo linaima, linapuma. Lamanzere linatsala kunja likupondaponda.

"Liwu limodzi limatsegula pamenepa basi," chinatero chitseko. "Maliro saimba munthu mmodzi."

Ndinacheuka kufuna wondithandiza, koma m'munda monse munali ine ndi ziwala. Ndinakweza mawu, ndinakwezanso, mpaka ndinadzidzimuka ndili pakhonde, nditatsamira thumba la ufa, nyimbo idakali m'kamwa.

Azakhali anali ataima pabwalo ndi lichero m'manja, osapeta.

"Iwe, nyimbo imeneyo waitenga kuti?"

"Kwa Nachisale, azakhali. Amalume ankaimba kumeneko. Ndipo ndine ndinakanena pamjigo, koma ndinanena theka."

"Zoti ndiwe ndikudziwa. Mudzi wonse ukudziwa, pakamwa ngati wailesi yopanda chozimitsira." Anayang'ana chala changa chomwe chinkatuluka magazi, kenako anayang'ana kunjira yopita kwa mkulu wa mpingo, komwe akazi ake ankayanika mphale, makutu ali tcheru. Anaika lichero pansi. "Anandiimbira ine nyimbo imeneyo chaka chomwe tinaika mwana wathu woyamba. Wasiyiranji? Yambanso."

"Atimva, azakhali."

"Atimve. Si ntchito yako imeneyo, kumvetsa anthu nkhani?"

Ndinayambanso. Pa mzere wachiwiri wa nyimboyo azakhali analowa ndi liwu lawo lapansi lija, ndipo m'nyumba, kudenga, thumba la feteleza linayankha. Kuseri kwa nandolo ndinamva chitseko chikulira, kenako phazi lija linasiya kuponda.