Mapira a M'denga mwa Domingas

Lamlungu pa 25 Malichi 1990, m'sabata ya zisankho, anyamata a chipani cholamula analowa m'komboni ya pafamu ina ya fodya kufupi ndi tauni ya Glendale atanyamula chigubu cha palafini. Ankafuna kuotcha khitchini ya Simao, woyendetsa thirakitala, chifukwa anaoneka ku msonkhano wa chipani china. Mwini wakeyo anali atathawira kale ku Guruve.

Koma khitchiniyo sinali ya banja limodzi. Kuyambira chilala cha 1983, mkazi wa Simao, Domingas wa ku Tete, ankasunga m'denga mwake mbewu ya mapira ya amayi onse a m'komboni. Aliyense ankamanga ngala zake ndi kansanza ka chitenje chake kuti azizizindikira, ndipo utsi unkaziteteza ku anankafumbwe. Theka ankabzala, theka linkatsala mpaka atakolola zatsopano. Za m'munda zinali zisanache.

Domingas sanatseke chitseko. Anangotumiza mawu kutchalitchi, ndipo amayi anabwera ndi yunifolomu zawo, nalowa m'khitchinimo n'kukhala pansi.

Wotsogolera anyamatawo anali Mcloud, mwana wa Selestina, mmodzi mwa amayiwo.

"Tulukani, amayi," anatero. "Muno ndi mwa mutengesi, munthu wogulitsa dziko."

"Waswera bwanji, Mcloud?" anayankha Domingas ataima pakhomo. "Lowa uyambe wachotsa mbewu ya amako. Yathu uotche bwinobwino."

Mcloud anasuzumira. Ngala zinali lendelende denga lonse, ndipo pansi pake panakhala amayi ake.

"Zanga ndi za kansanza kobiriwirako," anatero Selestina. "Wachiiwala chitenjecho? Ndinkakuberekera chimenecho. Unachikodzera mpaka kusuluka."

Amayi anaseka. Ena mwa anyamatawo nawo anaseka, kenaka n'kudzigwira.

"Ife tangotumidwa," anatero Ambrosio, amene anagwira machesi.

"Okutumawo adzakupatsa mbewu mvula ikakana?" anafunsa a Genoveva, azakhali ake a Ambrosio, ali m'katimo. "Pita ukawafunse, mwanawe. Ife tikudikira pompano."

Mcloud anayesanso. "Nanga a Simao avotera ndani?"

"Ine ndimagona nawo nyumba imodzi, koma sanandiuze," anatero Domingas. "Nanenso sindinawauze zanga."

Mcloud anaika chigubu pansi. Selestina anatuluka, nachinyamula, nayamba kuthirira amayi anzake m'mabotolo a nyale, kuyambira Domingas. Anyamatawo anabwerera opanda chigubu.

Anthu anavota kuyambira Lachitatu mpaka Lachisanu. Simao anabwerera pa thirakitala yake mu Epulo, ndipo denga linali momwe analisiyira.

Mu 1992 mvula inakana dziko lonse. Chimanga cha m'timinda ta antchito chinauma chisanamasule. Mapira anabereka pang'ono, okwanira phala ndi mbewu. Mu Meyi Selestina anali akudwala miyendo, choncho ngala zake anabwera nazo Mcloud. Domingas anamuonetsa pozipachika.