Kugwada m'Bwato la Lorenso

Madzi atafika m'munsi mwa chulu, a Jeremiya anali asanavulebe jekete yawo. Linali Lamulungu, ndipo pa zaka makumi awiri zimene anakhala mkulu wa mpingo kwa Mbenje, palibe amene anawaonapo tsiku limeneli opanda jekete yakudayo. Munthu ameneyu ngakhale dzuwa la ku Nsanje linamulephera.

Shire anali atasefukira m'mamawa. Mvula sinagwe kwenikweni kuchigwa kuno, koma madzi a kumtunda anangofika osaodira, n'kumiza mapira, makola ndi njira zonse. Anthu anali atachenjezedwa kuyambira Lachinayi ndipo ambiri anasamukira kusukulu ya kumtunda. A Jeremiya anakana. Ankati wothawa madzi ndi wochepa chikhulupiriro, ndipo anawatchula mayina othawawo pa guwa pa mapemphero a Lachisanu. Koma madzi saiwala khwawa. Tsopano nyumba yawo inangotsala denga, iwo ali pachulu ndi mwana wawo Priska, amene anabwera kwa makolo kudzadikira kubereka. Mayi ake anali atatsogola ndi mbuzi dzulo lake.

"Baba, kwayamba," anatero Priska, atagwira m'chiuno.

"Chayamba n'chiyani?"

"Mwana, baba. Kuyambira m'mawa ndimangopirira."

A Jeremiya anayang'ana ndodo imene anaizika m'mphepete mwa madzi kuti aziyezera: inali itamira kale. Pachulupo panatsala malo osakwana mphasa ziwiri, ndipo nyerere ndi nankalizi zinali kukwera nawo limodzi. Anapemphera mokweza monga ankachitira kutchalitchi, koma mawu aja anangomwazika pamadzi. Mantha anawagwira ndithu, mantha a kholo loona kuti mwana wake afera pamaso pake chifukwa cha liuma lake.

Ndiye anaona bwato likudutsa cha patali, kumene kunali munda wa thonje. Wopalasayo anamudziwa ndi chipewa chake cha mlaza. Anali Lorenso, msodzi amene makolo ake anachokera kutsidya ku Mozambiki pa nthawi ya nkhondo.

Pa anthu onse a m'chigwa, n'kukhala Lorenso! Chaka chatha a Jeremiya anamugwira akuolotsa amayi a malonda tsiku Lamulungu. Anamuitanitsa kutsogolo kwa mpingo, n'kumugwadika pasimenti mapemphero onse, ana ake akuona. Anamuuzanso kuti bwato lopalasidwa pa tsiku la Ambuye ndi lotembereredwa, iwo sadzapondamo mpaka imfa. Kuyambira pamenepo Lorenso ankakhala benchi ya kumbuyo, osayandikira mgonero.

"Muitaneni, baba," anachonderera Priska.

A Jeremiya anakweza dzanja pang'ono, ngati munthu wopitikitsa ntchentche, n'kulitsitsanso. Bwato lija linapitirira, lili pafupi kubisika kuseri kwa bango.

"Baba!" Priska anafuula, n'kugwa chogwada m'matope.

"Lorenso!" Mawu anatuluka osasa. Anavula chipewa n'kuchikupiza m'mwamba. "Lorenso! Kuno!"

Bwato linatembenuka. Linalimbana ndi mkokomo wa madzi kwa nthawi ndithu lisanagunde chulu. Linali bwato losema la mtengo umodzi, lopapatiza, lokhala ndi chigamba cha lata chakumutu. Lorenso sanapereke moni. Anangoona Priska, n'kumunyamula mosamala, n'kumugoneka pakati pa bwato pamwamba pa ukonde.

"Lowani, baba. Madzi akubwera ena."

A Jeremiya analowa, Baibulo lili m'khwapa, n'kuima chilili. Pansi pa bwatolo panali madzi akuda, mamba a nsomba ndi matope. Anafunafuna pokhala poyenera munthu wa jekete, osapaona.

"Khalani pantsi," anatero Lorenso m'kalankhulidwe kake ka Chisena. "Mwadiya uyu safuna munthu woima."

"Ndigwira m'mbalimu. Iwe palasa."

Lorenso anakankha chulu ndi nkhafi. Asanapite patali mkokomo unaligwira bwato chammbali, a Jeremiya anadzandira, bwato linapendekeka, madzi n'kukhuthukiramo. Priska anakuwa. Lorenso anadziponya mbali inayo, bwato n'kubwerera mwamwayi, koma madzi anali atafika m'akakolo.

"Gwadani!" anakalipa Lorenso. "Mutiphera mwanayu! Gwadani, mutenge chigubucho muzikapa madzi!"

Chikhalire palibe munthu anawakalipirapo chotero. A Jeremiya anakwiya koopsa. Koma anaona nkhope ya Priska, milomo itatuwa, maso ali pa iwo. Anagwada. Mawondo a buluku la Lamulungu analowa m'matope onunkha nsomba, nkhope yawo moyang'anizana ndi mapazi ong'aluka a Lorenso. Anapatsira Priska Baibulo, natola chigubu chodulidwa pakati, n'kuyamba kukapa.

Bwato linakhazikika pomwepo. Koma chigamba chija chinali kudontha, ndipo akapumira pang'ono madzi ankabwereranso. Anadutsa pamwamba pa minda, akupewa mitengo ya nthochi yokokoloka ndi ng'ombe yakufa. Pena chinthu chakuda chinayandama pafupi, onse anachiyang'anitsitsa mpaka chitadziwika kuti n'chipika, si ng'ona.

"Msaleke, baba. Kapani!"

"Ndikukapa," anayankha a Jeremiya, ndipo anadabwa kumva kufatsa kwa mawu awo.

Mawondo anayamba kuwawa ngati agwadira miyala. Apo m'pamene anakumbukira simenti ya kutchalitchi. Mapemphero a tsiku lija anatha maola atatu, ndipo iwo anatalikitsa ulaliki dala. Manyazi anawagwira kuposa mantha aja, misozi n'kumagwera m'madzi omwe ankakapawo.

Anakocheza kuseri kwa sukulu dzuwa lili paliwombo. Mpingo wonse unali pomwepo pansi pa mtengo, atangotha mapemphero. Amayi a Priska anathamanga ndi anzawo ndi namwino wa pamsasa, n'kunyamula Priskayo pachitenje kupita naye m'kalasi. Namwinoyo anacheuka n'kunena kuti afika nthawi yabwino. Otsalawo anangoti kukamwa yasa, kuona mkulu wa mpingo ali chigwadire m'bwato lotembereredwa lija.

Munthu wina anatambasula dzanja kuti awadzutse. A Jeremiya anapukusa mutu.

"A Lorenso," anatero mokweza kuti onse amve, "ndinakugwadikani pamaso pa ana anu chifukwa cha bwato lino. Lero lanyamula mwana wanga. Ndinachimwira inu, ndinachimwiranso Mulungu. Ndikhululukireni."

Lorenso anayang'ana kumbali, akupukuta thukuta ndi chipewa.

"Takhuta, baba. Zinatha zimenezo," anatero, kuthokoza m'Chisena. "Koma tsikani msanga. Kwatsala banja la a Gilbert padenga, ndipo ndiyenera kupeza wondikapira madzi."

A Jeremiya anavula jekete ija, n'kuiponya kumtunda, kumene inagwera m'matope osatoledwa ndi munthu. Anapinda manja a malaya, natolanso chigubu.

"Wokapa muli naye kale," anatero. "Palasani."