Chiphaso cha Achemwali Ellen

Sabata yonse ija ku Khuyu, pachilumba cha Likoma pano, kunali manong'onong'o. Pa mjigo, pa mathandala a usipa, ngakhale pakhomo la tchalitchi, nkhani inali imodzi: akuti m'sitima mwatsika mayi wina, akufuna atsikana asanu okagwira ntchito kuhotelo ku Mzuzu. Chodabwitsa, aliyense akamaliza kukuuza ankati, "Koma usauze munthu."

Ine ndine Promise, ndili Sitandade 7. Amayi amati pakamwa panga palibe chitseko, ndipo sindikana. Ndiye Lachiwiri, achemwali anga a Ellen atandikokera kuseri kwa bafa n'kundiuza kuti iwo ndi mmodzi mwa asanuwo, ndinadziwiratu kuti ndivutika.

A Ellen anamaliza Fomu 4 zaka ziwiri zapitazo. Chimalizireni, ntchito yawo inali kuyanika usipa wa eni ake. Tsiku limenelo nkhope yawo inali ngwee.

"Anti Margaret, mayi atsika m'sitima aja, andisankha! Malipiro ake, Promise, kuposa a aphunzitsi ako. Tinyamuka ndi sitima ya Loweruka."

"Anakufunsani chiyani?"

"Zaka zanga, komanso ngati ndili ndi mwana. Basi. Chiphaso changa cha unzika atenga, akuti akalembetsere. Ukangoulula iwe, ndikudula makutu. Akuti ansanje angatitsekere mwayi."

Kunyumba, a Ellen atawauza, ababa anafunsa funso limodzi lokha, lija timafunsa tonse pa Likoma pano: "Ndi mwana wa ndani?" Atamva kuti Anti Margaret ndi mdzukulu wa malemu a Mclean a ku Mbungo, amene ankaimba nawo kwaya, anati, "Aa, ndi wathu ameneyo. Pita, mwanangu."

Ndinapirira tsiku lathunthu. Lachitatu amayi anandituma masikono kwa a Beatrice, aneba athu amene ali ndi bekale ndipo analemba antchito atatu. Anangoti, "Kwanu kuli bwanji?" Ine zonse khuthu!

Sanaseke. Anapukuta ufa m'manja n'kunditsatira mpaka kwathu.

"Ellen mwanangu, hoteloyo dzina lake ndi chiyani?"

"Akuti tikaona komweko."

"Ukagwira ntchito yanji? Kuphika? Kuchapa?"

"Sananene."

"Anakuyesa ngakhale kuyala bedi?"

A Ellen anayang'ana pansi, kenako anandiponyera diso lija loti tionana.

Ababa analowererapo. "Mayi Beatrice, musamuopseze mwana. Mayiyu ndi magazi a a Mclean."

"Abambo a Ellen, inenso zomwezo zinandigwetsa. Chaka chatha ndinalemba Eston chifukwa ndi mphwake wa mnzanga wa kutchalitchi. Anati waphika buledi zaka zinayi ku Nkhata Bay, kalata nayi. Sindinamuyese. Sabata imodzi yokha, masikono ngati miyala ya ku Yofu, ogula onse kuthawa. Nditaimba nambala ya pakalata ija, foni inalira m'thumba mwa Eston yemweyo!"

Amayi anaseka mpaka kugwira chipupa.

"Lero ndikafuna wantchito ndimamupatsa ufa, akande ndikuona. Ndimaimbiranso kumene ankagwira kale. Wolemba ntchito weniweni amafunsa zambiri chifukwa amaopa kuononga bizinesi yake. Nanga uyu wosafunsa kanthuyu akufuna chiyani pa Ellen? Chiphasonso munthu amangochiona n'kukubwezera, satenga."

Lachinayi m'mawa tinauyamba wa ku Mbungo: ababa, a Beatrice, a Ellen ndi ine. Inali holide, ndipo nkhani ngati imeneyi sindikanalola kuimvera kwa wina. Tinapeza a Mercy, mwana wa malemu a Mclean, akusenda chinangwa. Ine ndinkati akana kuti Margaret samudziwa. Ayi ndithu.

"Margaret? Ndi mwana wa achimwene anga, zoona. Koma tatha zaka khumi osamuona. Mukuti ali pachilumba pano? Osabwera kudzatipatsa ndi moni yemwe?"

"Nanga amagwira ntchito yanji?" anafunsa ababa.

"Mundiuze ndinu."

Ababa anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

Masana tinawapeza Anti Margaret pamalo ogona alendo ku Mbamba, akupaka penti m'zikhadabo. A Ellen analankhula okha.

"Anti, ndimafuna dzina la hotelo, nambala ya abwana, ndi kalata yonena ntchito yanga ndi malipiro. Chiphaso changanso ndisunge ndekha."

"Iwe, ntchito ukuifuna kapena ayi? Atsikana ali mbwee akudikira malo akowa!"

"Ndikuifuna, Anti. N'chifukwa chake ndikufunsa."

Anti Margaret ataona kuti ababa aima pakhomo osasuntha, anatchula dzina la hotelo ina. A Beatrice anatuluka panja n'kuimbira alamu awo a Davis, amene amakhala ku Mzuzu. Ola lisanathe yankho linabwera. Hoteloyo ilipodi, koma sakulemba antchito, ndipo Margaret samudziwa.

Ababa anapita okha kupolisi. Apolisi atatsegula chikwama cha Anti Margaret, munali ziphaso, osati zisanu, koma khumi ndi ziwiri! Za ku Khuyu, za ku Yofu, za ku Mbungo komwe. Mtsikana aliyense ankadziyesa wamwayi, ndipo aliyense anali chete. Wapolisi wamkazi, pobweza chiphaso cha a Ellen, anati, "Mwachita bwino kufunsa musanakwere. Atsikana otengedwa chonchi ena amakathera m'mabala, ena m'nyumba za anthu osalipidwa. Ndiye kutsidya, wopanda chiphaso, wopanda m'bale, ubwerera bwanji?" Anti Margaret anatsala komweko kuti ayankhe mafunso.

Musaganize kuti a Ellen anandithokoza. Masiku awiri sanandilankhule. Loweruka sitima italira, anadzifunditsa chitenje kumutu n'kulira nayo limodzi. Ine ndinangowaikira tiyi pafupi, zii, koyamba m'moyo wanga.

Patatha miyezi iwiri, pamlambe wa pamsika anamatapo chikalata. Loji ina yogona alendo pachilumba pompano inkafuna wosamalira zipinda. Dzina la loji linalipo, ntchito yake inalembedwa, tsiku la mafunso linalipo, ndipo aliyense wodutsa ankawerenga. A Ellen anapita. Anawayalitsa bedi kawiri, anawafunsa mafunso mpaka thukuta, kenako anaimbira a Beatrice ndi ahedi a kusukulu yawo yakale. Atawatenga, a Ellen anabwera ndi kalata ya mgwirizano kunyumba n'kuwawerengera ababa mokweza asanasaine: maola, malipiro, tsiku lopuma. Malipiro ake si oposa a aphunzitsi anga, koma amafika mwezi ndi mwezi, ndipo madzulo achemwali amagona kwathu.

Ndiye anzanga, imvani kwa ine. Ntchito yoti musauze munthu, yopanda dzina la malo, yokuthamangitsani, yokulandani chiphaso, ikaneni mpaka mutafufuza. Inunso olemba antchito, muyeseni munthu ndipo imbani kumene ankagwira. Chibale ndi chabwino, koma si umboni wa ntchito.

Nanga inu, amene wakulonjezani ntchito uja, mwaimbira kale kumene akuti mukagwireko?