Mtengo Wakumanja wa Machira a Roke Woyera

Ogasiti akafika, mudzi wa Vale de Corvos umadzuka kutulo. Nyumba zimene zimakhala chitsekere chaka chonse zimatsegulidwa, ndipo tinjira tozolowera ng'ombe timadzaza ndi magalimoto a manambala a ku France. A Belmiro, mmisiri womanga nyumba ku Paris, sankaphonya. Tsiku limene anakwatira mai Graciete ankatha kuliiwala, koma osati Lamulungu la chikondwerero cha Roke Woyera, nkhoswe ya mudziwo.

Pa tsikuli anthu anayi amasenza chifanizo cha woyerayo pamachira n'kuzungulira nacho mudzi wonse, ndipo mtengo uliwonse wa machirawo uli ndi banja lake. Wakutsogolo kumanja unali wa kwa a Belmiro. Anausenza agogo awo, kenako bambo awo malemu Albano, kenako iwo. Mwambo wake ngwouma mtima: banja likalephera chaka chimodzi, mtengo umapita kwa ena ndipo subwerera. Kwa munthu wokhala kutali, mtengowo ndiwo unkachitira umboni kuti akadali mwana wapamudzi, osati mlendo wongodzadya tchuthi.

Tsono chaka chimenecho a Belmiro anafika mkono atakoloweka pansalu m'khosi. Anagwa pansanja kuntchito, phewa n'kuthyoka. Mwana wamwamuna analibe. Anali ndi mwana wamkazi yekha, Odete, wobadwira ku Paris, woyendetsa basi, amene pamudzi ankangomutchula kuti Chifalansa.

Loweruka masana a Belmiro anakumana pamalo omwera vinyo ndi a Custódio, mnzawo woweta naye mbuzi paubwana, amene sanachokepo pamudzi ndipo anali ndi ana aamuna atatu onga mitengo ya magetsi.

"Wabwera, Mfalansa? Nanga phewa lina waliiwala kwa abwana?" anatero a Custódio. "Usavutike mtima, anyamata anga angokhala. Ungoloza mmodzi."

"Anyamata akowo? Woyera angabwerere m'tchalitchi akununkha vinyo," anayankha a Belmiro.

Onse anaseka, koma mumtima mwa a Belmiro munkawawa kuposa m'phewa. Nsomba youma ya bakayawo imene mai Graciete anaphika tsikulo anangoitosatosa.

Lamulungu Misa itatha, machira anatulutsidwa pakhomo la tchalitchi, maluwa ali mbuu, bandi ya malipenga ikudikira. A Belmiro, poti ndi munthu wa nkhutukumve, anagwada pansi pa mtengo wawo n'kuyesa ndi phewa labwinolo. Ululu unawabaya mpaka m'mano. Anadzuka thukuta lili kamukamu, ndipo ataona mwana wamkulu wa a Custódio akupinda kale manja a malaya, anachita manyazi osasimbika.

"Bambo, tandisunthirani."

Anali Odete. Nsapato za gogoda anali atavula n'kuvala zakuntchito, ndipo m'manja anali ndi kapilo kakale ka paphewa ka malemu Albano.

"Iwe mwana, ichi si chikwama chakumsika. Chimalemera ngati simenti."

"Nanga matumba a mbatatesi amene azakhali amatitumizira kuchokera kuno, mumayesa amakwera okha masitepe a nyumba yathu ija? Chigwereni inu, ndakhala ndikukwera nawo n'kutsika nawo ndikaweruka. Aneba amati ndapenga."

A Belmiro anatembenukira kwa akazi awo. "Graciete, inu mumadziwa zimenezi?"

"Ndine ndinkamusenzetsa," anatero mai Graciete, osaphethira n'komwe. "Inu munali kalikiliki kudandaulira wailesi yakanema."

M'khamumo munayamba manong'onong'o. Mkazi pansi pa machira a Roke, zinaonekapo liti? Bambo mfumu anayang'ana akuluakulu, akuluakulu n'kuyang'ana nsapato zawo. Mapeto ake maso onse anagwera pa a Custódio, chifukwa mtengowo ukanachoka kwa a Belmiro ukanalowa m'nyumba mwawo.

A Custódio anavula chipewa, nakanda dazi, n'kumuyang'ana Odete kuyambira kumutu mpaka kunsapato zija.

"Mwambo umati banja," anatero. "Za ndevu sindinamvepo. Iwe mwana wanga, tsitsa manja a malayawo, ukathandize kunyamula mbendera. Nanga ine chaka chamawa ndidzanyoza ndani Mfalansayu akasiya kubwera?"

Anthu anaphulika nako kuseka, malipenga analira, ndipo anayi aja anagwada. Machira atanyamuka anapendekera kumanja, kagalu kosema kapamapazi pa woyerayo kakugwedera, mai wina n'kugwira pakamwa. Odete analuma mano, anakankhira kapilo ka agogo ake pamalo pake, ndipo Roke anaima chilili.

A Belmiro anayenda pambali pa mwana wawo mdipiti wonse, kukwera chitunda cha kumanda, kutsikira kuchitsime, misozi ikuyenderera osaipukuta. Anali ndi chimwemwe chimene sanachimvepo zaka zonse zimene ankasenza okha.

Pokhota pa nyumba yomaliza, mai Perpétua, nkhalamba imene maso anali atayamba kuithawa, anasuzumira pawindo n'kufunsa mokweza monga amachitira ogontha.

"Akusenza kumanjayo ndani? Si Belmiro ameneyo."

"Ndi Chifalansa uja," wina anayankha.

"Chifalansa chakuti? Taonani mmene akuponyera mwendowo. Ameneyo ndi wa kwa Albano, ngwathu."

A Belmiro anamva. Anayang'ana mwana wawo, ndipo anaona kuti nayenso wamva.