Switi ya Pamwamba pa Kabati

Mfuti inalowa m'nyumba mwathu mwezi wathawu, itakulungidwa m'thaulo lomwe ndimapukutira mwana. Mwamuna wanga amayendetsa takisi, ndipo anthu awiri anali atamuika mpeni pakhosi dzuwa likuswa mtengo, n'kumulanda foni. Achimwene ake ndiwo anamupezera mfutiyo, mapepala ake onse ali bwinobwino. Koma mwini galimoto anakana kuti aziyenda nayo, ndiye inkangokhala pamwamba pa kabati ya zovala, m'katoni ya nsapato.

Chilowereni chinthucho, mtima wanga sunakhale m'malo. Ndikamachapa panja ndinkangodzambatuka, thovu lili m'manja, kukasuzumira kuchipinda. Mwana wathu ali ndi zaka zinayi. Timamutcha Kanyerere, chifukwa pomwe pali shuga palibe pomwe safika. Ndipo Lolemba ndinkayamba ntchito kophika buledi, mwanayo azitsala ndi apongozi anga, amene akangokhala pampando ndiye kuti tulo tawapeza kale.

Lamlungu m'mawa alamu aja anabwera kudzacheza, ndipo ndinaiyambanso nkhaniyo.

"Alamu, mukuopa chitsulo?" anatero akuseka. "Mfuti siipha munthu. Amapha ndi munthu mnzake. Mpeni wanu wa kukhitchiniwu sungaphe?"

"Mpeniwo ndimadulira anyezi, alamu. Nanga chanucho ndidulire chiyani?"

Mwamuna wanga anaseka, kenako ananamizira kutsokomola.

"Pawailesi ankanena kuti komwe mfuti zachuluka, maliro nawonso amachuluka," ndinapitiriza.

"Wailesi yomweyo inatinso mbava zimaopa nyumba ya mfuti. Kapena khutu linalo linali kuchapa?"

Ine sukulu ndinalekezera panjira, za manambala a pawailesi sindingalimbane nazo. Koma tepi yoyezera ndili nayo. Ndinali nditayeza kale kabati, mpando, ndi Kanyerere atatambasula mkono. Zinkangotsala zala zanga zinayi kuti afike pamwamba.

"Mayi a Kanyerere, pamwamba paja inunso simufikapo," anatero mwamuna wanga. "Ngati vuto ndi mpando, tiuchotse kuchipindako. Basi."

"Uchotseni."

Anautulutsa. Ndinamuuza atsitsenso katoniyo, akhale nayo pamiyendo pake pabalaza. Kenako ndinamupatsa switi yofiira kuti aiike pamalo pomwe panali katoni, mwana akuona.

"Kanyerere, switi imeneyo ndi ya mawa. Usakhudze, wamva?"

"Ndamva, amama."

Tinakhala pabalaza atatufe, chitseko cha kuchipinda chili chotsegula pang'ono. Alamu ankagwedeza makiyi, akuti tikutaya nthawi. Ine kunena zoona ndinkaopa ziwiri: kuti mwana afika, komanso kuti safika, alamu n'kundiseka chaka chonse mfuti ili pompo.

Kanyerere sanafunefune n'komwe mpando. Anakoka dirowa yapansi kwambiri, yachiwiri pang'ono, yachitatu pang'ononso, basi masitepe apangika. Anakwera. Phazi lina pazenera, dzanja pa chogwirira cha chitseko cha kabati, mimba pamwamba. Sanazengereze paliponse, ngati munthu wodziwa njira yake. Makiyi a alamu anasiya kulira.

Switi inalowa m'kamwa. Koma mwanayo sanatsike. Anapapasa uku ndi uku pafumbi, kenako anakuwa tsaya lili tu.

"Amama! Chidole cha adadi chapita kuti? Cholemera chija?"

Ndinathamanga kukamutsitsa.

"Unachigwira liti?"

"Muja munkayanika zovala. Koma batani lake n'lolimba. Adadi adzandithandize kukanikiza."

Nditabwerera pabalaza mwana ali m'manja, mwamuna wanga anali atagwira katoni ija ndi manja awiri. Ankayang'ana zala za mwana wake, zomata ndi switi.

Alamu anakonza kukhosi. "Chabwino. Ndiitenge ikakhale kwathu kaye, mpaka mugule bokosi la loko."

"Kwanu kuli ana atatu, alamu. Wamkuluyo adatsegula loko wa njinga yanu ndi waya."

Alamu anabweza makiyi m'thumba.

Mwamuna wanga anaimirira, natenga mapepala a mfutiyo m'dirowa yomwe ija inali sitepe yachiwiri. "Achimwene, tiyeni mundiperekeze kupolisi. Ndikaisiye."

"Nanga akakuikanso mpeni pakhosi?" anafunsa alamu.

"Ndidzawapatsa foni," anatero, osayang'ana munthu.

Atafika kale pakhomo, ndinawaitana. "Thaulo langa lisapite nawo."

Analitulutsa m'katonimo n'kundiponyera. Linkanunkha mafuta a chitsulo. Ndinaima pazenera mpaka takisi inakhota pakona, kenako ndinakaliviika m'beseni. Ndikuthira sopo, ndinamva dirowa ikukokedwanso kuchipinda, ndipo ndinadzambatuka, thovu lili m'manja, ndisanakumbuke kuti pamwamba paja patsala fumbi lokha.